Kalulu Wabodza: Momwe Alenje Amaitanira Nkhandwe Usiku

Kalulu ndi nyama yosalongolola. Amadya mwakachetechete, amathawa mwakachetechete, ndipo akafuna kuchenjeza anzake kuti kwabwera mdani salira, amangoguguda pansi ndi mwendo wakumbuyo. Koma ali ndi mfuu imodzi imene amaisungira tsiku lomwe mano a chilombo amulowa pamsana, kapena waya wa msampha wamuthina pakhosi. Ndi mfuu yakuthwa, yonjenjemera, yoduladula, ndipo amene anaimvapo saiiwala. Usiku wa zii imafika kutali. Pa zamakutu zonse za m'tchire, imene imaitchera khutu koposa ndi nkhandwe.

Ku Britain, Ireland, Australia ndi ku America kuli anthu amene anaiphunzira mfuu imeneyi mpaka kumaitulutsa ndi pakamwa pawo. Kukada amatenga mfuti ndi nyali, n'kukaima m'mbali mwa busa, n'kuyamba kulira ngati kalulu amene wagwidwa. Ndiye nyama imene masana simungaiyandikire ngakhale mutanyang'ama chotani imabwera yokha, nthawi zina ili pa liwiro, mpaka kufika poti munthu akhoza kuigenda ndi mwala. Mlenje wamba amalondola mapazi a nyama. Awa amainamiza, nyamayo n'kuwalondola iwo.

Nkhandwe tikunena pano si ija yotuwa, ya mzera m'nthiti, imene alendo amakumana nayo madzulo m'misewu ya ku Nyika. Iyi ndi ya kumaiko ozizira, ya ubweya wofiirira, mphuno yosongoka ndi mchira wautali wa ubweya wambiri. Asayansi amaitcha Vulpes vulpes. Ndi yaing'ono kuposa mmene ambiri amaganizira: yaikulu bwino imalemera makilogalamu 5 mpaka 7, ndiye kuti agalu ambiri a pamudzi amaiposa. Komabe pa nyama zakutchire zodya zinzake palibe ina imene inafalikira dziko lapansi kuposa iyi. Ili pafupifupi ku Ulaya konse, ku Asia, kumpoto kwa Africa, ku North America, ndipo anthu anaitengera ku Australia. Bungwe la Mammal Society linayerekeza mu 2018 kuti ku Britain kokha ziliko pafupifupi 357,000.

Mlandu wake ndi wakale. Mlimi wa nkhosa amailoza chala ana a nkhosa akamasowa m'nyengo yoswa, kuyambira Febuluwale mpaka Epulo. Woweta nkhuku amadziwa zimene imachita ikalowa m'khola: siipha imodzi n'kuchoka, imapha chilichonse chimene chikukupiza mapiko. Ndiye pali alonda a nyama a m'minda ikuluikulu ya anthu olemera, amene ntchito yawo ndi kulera mbalame zonga nkhwali zoti mabwana adzawombere pa masewera awo. Kwa zaka mazana angapo njira yotchuka yosakira nkhandwe inali uzimba wa akavalo ndi agalu, wa amuna ovala majekete ofiira. Scotland analetsa uzimbawo mu 2002, ndipo ku England ndi Wales lamulo la Hunting Act 2004 linayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2005. Koma ngakhale lamulolo lisanabwere, agaluwo sankapha zambiri. Komiti ya Lord Burns, imene boma linaituma kufufuza nkhaniyi, inanena mu 2000 kuti magulu a uzimba ankapha nkhandwe pakati pa 21,000 ndi 25,000 pachaka. Zochuluka zinkafera pamsewu ndi pamfuti. Ntchito yeniyeni inkagwiridwa usiku, popanda lipenga kapena jekete lofiira, ndipo mpaka lero ikugwiridwa choncho.

Khutu lomva nyongolotsi

Nkhandwe imasaka ndi makutu. Chakudya chake cha masiku onse ndi tinyama tobisala muudzu, mbewa ndi abale ake, ndipo timeneti sitioneka, timangomveka. Ikamva tswatswa imaima njo, makutu tcheru, n'kumapendeketsa mutu uku ndi uku kuti idziwe penipeni pamene phokosolo likuchokera. Kenako imalumphira m'mwamba n'kutera ndi miyendo yakutsogolo pa mbewa imene sinaione n'komwe. Imatha kutero ngakhale mbewayo ili pansi pa chipale chofewa. David Macdonald wa ku Oxford, amene anatha zaka zambiri akutsatira nkhandwe usiku, anaziona zikuyenda pang'onopang'ono m'mabusa usiku wofunda ndi wachinyezi, zikumvetsera nyongolotsi zimene zatulukira pamwamba pa nthaka. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2015 anapeza kuti khutu lake limamva mawu opyapyala mpaka onjenjemera ka 48,000 pa sekondi, pamene la munthu wachinyamata limalekera cha pa 20,000. Nyama yomva nyongolotsi ikukwawa muudzu, mfuu ya kalulu ingaiphonye bwanji?

Koma kumva ndi kwina, kubwera ndi kwina. Chimaitulutsa m'tchire n'chiyani? Njala ndiyo yoyamba kuganiziridwa, ndipo nthawi zambiri ndi yomweyo. Kalulu akalira ndiye kuti chilipo chamugwira, ndipo chomugwiracho kawirikawiri chimakhala chochepa mphamvu kuposa nkhandwe: kanyama konga likongwe, mphaka, kapena waya wa msampha umene suluma. Nkhandwe ilibe manyazi olanda. Ikafika msanga, nyama imene wina wavutikira imakhala yake. Ngakhale yokhuta imabwera, chifukwa ndi nyama yosunga: chotsala imachikwirira pansi n'kudzachifukula tsiku la njala. Palinso nkhani ya malire. Banja lililonse la nkhandwe lili ndi dera lake limene limaika zizindikiro za mkodzo ndi ndowe, ndipo mfuu ya kalulu m'deralo ikutanthauza kuti mlendo akudya za eni ake. Mwini dera amafuna akaone kuti ameneyo ndani.

Funso lozunguza mutu ndi lakuti kaluluyo amaliriranji, popeza anzake sabwera kudzamulanditsa. Mu 1983 katswiri wa zamoyo Göran Högstedt, amene ankaona makamaka mbalame zogwidwa, anapereka yankho limene ena amalivomereza, ena amalikayikira. Iye anati nyama yogwidwa imakuwa kuti iitane chilombo china, kuti ziwirizo zikayamba kulimbirana iyo ipeze mpata wopulumukira. Ngati ankanena zoona, ndiye kuti mfuu ya kalulu ndi yoitanira nkhandwe kuyambira kale. Mlenje sanapeke kanthu, anangobwereka.

Nzeru yoitana nyama si ya azungu okha. Alenje a m'nkhalango za ku Congo ndi Cameroon amaitana agwape potsina mphuno n'kulira ngati gwape amene ali pamavuto. Chimene azungu anawonjezera ndi malonda.

Zida za bodza

Chida choyamba munthu amabadwa nacho. Amanyowetsa kuseri kwa dzanja ndi malovu, n'kukanikizapo milomo, n'kukoka mpweya ngati akupsopsona. Pamatuluka kamawu kopyapyala, tswii tswii, ka mbewa. Akakoka mwamphamvu pachikhatho, n'kumatsegula ndi kutseka dzanja linalo pamwamba pake, mawuwo amakula n'kusanduka kalulu. Alonda akale a nyama ambiri analibe china choposa ichi. Sichiiwalika kunyumba, ndipo sichifuna batire. Vuto lake ndi loti usiku wozizira milomo imauma gwa, komanso mawu ake safika patali kukakhala mphepo.

Wina, amene dzina lake silinalembedwe, anatulukira kuti kachidutswa ka zoyera zopepuka zija amatchinjirizira wailesi kapena TV m'katoni, akakakwecha pagalasi lonyowa la galimoto, kamalira monyansa m'makutu a munthu koma mokoma m'makutu a nkhandwe. Mpaka lero alipo alenje ku Britain amene amasunga kachidutswa kotere m'galimoto ndipo safuna kumva za china.

Ku Australia kuli mawenzulo awiri otchuka. Woyamba ndi kachitsulo kobulungira, ka timalata tiwiri tophatikiza tokhala ndi bowo pakati. Amakaika pakati pa milomo ndi mano, n'kumapuma kapena kukoka mpweya, ndipo mwana aliyense akhoza kukaliza tsiku lomwelo. Wachiwiri amatchedwa Tenterfield, dzina la tauni ya ku New South Wales. Ndi kachidutswa ka lata kopindidwa pawiri ndi kobowoledwa, kamene amakalowetsa m'kamwa n'kukankhira lilime popindapo. Ameneyu ndi wovuta kuphunzira, munthu amatha masiku akungotulutsa malovu. Koma akamudziwa amatulutsa mawu aukali, osasa, omveka mpaka kutsidya kwa chigwa. Anthu a kumafamu ankadzipangira okha ndi lata la chitini ndi msomali.

Ku America malonda ake anakula m'ma 1950, pamene pachibale awiri a ku Texas, Murry ndi Winston Burnham, anayamba kugulitsa zitoliro zokhala ndi kalilime kopyapyala konjenjemera m'kati mwake. Johnny Stewart wa ku Waco, ku Texas komweko, anatchuka pojambula mawu enieni a nyama n'kumawagulitsa pa mbale za galamafoni, kenako pa makaseti. Lero makampani monga FOXPRO amagulitsa kabokosi ka sipika kosunga mawu mazanamazana, a kalulu, mbewa, mbalame, mwana wa nkhosa ngakhale a nkhandwe yeniyeniyo, ndipo mlenje amasankha ndi limoti ali chikhalire. Ku Britain lamulo la Wildlife and Countryside Act 1981 limaletsa kugwiritsa ntchito mawu ojambulidwa pokopa mbalame zakutchire ndi nyama zina zotetezedwa kuti uziphe. Nkhandwe mulibe m'ndandanda umenewo.

Makinawa ali ndi chilema chimodzi chimene ogulitsa satchula: salakwitsa. Kalulu wa m'kabokosi amalira chimodzimodzi lero, mawa ndi mkuja, ndipo mlenje wa pafamu yoyandikana nayo anagula kalulu yemweyo. Pakamwa pa munthu sipabwereza mawu ndendende. Pamatopa, pamasasa, pamaduka mpweya, ngati mmene amachitira kalulu weniweni. Kwa nkhandwe imene inamvapo nyimbo ya m'kabokosi n'kupulumuka, kusiyana kumeneku si kwakung'ono.

Mphuno sinamizika

Khutu la nkhandwe limanamizika, diso nalonso limanamizika. Mphuno ayi. Nkhandwe yamwana ikhoza kubwera molunjika, ili pa liwiro, osaganiza kanthu. Yachikulire imabwera mpaka pa mtunda wina, kenako n'kukhota. Imazungulira mpaka ikafike kumene mphepo ikulowera, kuti fungo la chimene chikuliracho liipeze isanadzionetse. Ikanunkhiza kalulu ndi magazi, imalowa. Ikanunkhiza munthu, fodya, mafuta a mfuti kapena dizilo, imabwerera, ndipo mlenje sadziwa n'komwe kuti kunabwera mlendo. Alenje odziwa amavomereza kuti nkhandwe zimene anaziitana osaziona ndi zambiri ndithu.

N'chifukwa chake luso lalikulu pa ntchitoyi silili pakamwa, lili posankha poima. Mlenje amafika pamalo mphepo ikumuwomba kumaso kapena chammbali. Amaonetsetsa kuti mbali imene fungo lake likupita ndi poyera, pa udzu waufupi, kuti nkhandwe ikafuna kuzungulira idutse poonekera isanafike m'njira ya fungolo. Galimoto amaisiya kutali, chitseko satseka mwaphokoso, ndipo saima pamwamba pa chitunda pamene thupi lake lingaoneke kumwamba koyera. Amatsamira mpanda, mtengo kapena chitsamba. Apa m'pamene kabokosi ka sipika kamaposa pakamwa: akhoza kukaika mamita 50 kapena 100 kutali ndi pamene iye ali, kotero kuti nkhandwe imazungulira kabokosiko, maso ndi mphuno zili kumeneko, munthu ali chammbali. Ena amaikapo kachikopa kaubweya kogwedezeka ndi batire kuti diso nalo lipeze chochita.

Kaitanidwe kake n'kosavuta kufotokoza koma n'kovuta kupirira. Amayamba motsitsa, chifukwa mwina nkhandwe ili kuseri kwa mpanda womwewo, ndipo mfuu yaikulu ingaidzidzimutse. Amalira pang'ono, mwina theka la mphindi, n'kukhala chete kwa mphindi zingapo. Kalulu weniweni alibe mapapo olira mphindi khumi osapuma, ndipo amayamba mwamphamvu n'kumafooka. Pakapanda kuoneka kanthu amakweza mawu. Ambiri amakhala pamalo amodzi mphindi 15 mpaka 30 asanasamuke. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ophunzira ambiri amagwa pomwepa: amaliza wenzulo mosalekeza ngati ali kumpira, n'kunyamuka nkhandwe itatsala pang'ono kutulukira. Ikayamba kubwera, wodziwa amatseka pakamwa. Yamva kale, ndipo yadziwa pamene mawu anachokera. Ikaima n'kumakayikira, kamawu kamodzi ka mbewa n'kokwanira. Ikafika pofunika koma ikuyendabe, mlenje amauwa kamodzi ngati galu kapena kungokuwa mwachidule. Nkhandweyo imaima kuti ione, ndipo kamphindi kameneko ndiko ankadikira.

Usiku wa chimphepo sathandiza, chifukwa mawu amauluka ndipo fungo limabalalika. Wa mwezi wowala nawonso ndi woipa, munthu amaonekera. Umene alenje amaukonda ndi wamdima bii, wa mitambo, wa kamphepo kayaziyazi kosasinthasintha.

Maso awiri mumdima

Kuseri kwa diso la nkhandwe kuli kachikopa konyezimira kamene kamabweza kuwala kuti kudutsenso kachiwiri m'disomo. N'kamene kamaithandiza kuona mumdima, ndipo n'komwekonso kamaiulula, monga mmene maso a mphaka amawalira mukamuunika ndi tochi. Nyali yamphamvu imatha kuonetsa maso a nkhandwe pa mamita mazana angapo. Kawirikawiri amayenda awiri kapena atatu, wina wa nyali, wina wa mfuti, wina woyendetsa. Ambiri amaphimba nyali ndi galasi lofiira kapena lachikasu, popeza maso a nkhandwe saona bwino kuwala kofiira ndipo sikuidzidzimutsa kwambiri. Wa nyali wodziwa ntchito saiwalitsa kumaso ikamabwera. Amakweza nyali pang'ono kuti m'mphepete mwa kuwalako mokha muzigwira masowo, ndipo amaitsitsa pokhapokha nthawi yowombera itakwana.

Masiku ano nyali ikusiyira malo zida zoonera mumdima ndi zoonera kutentha kwa thupi, zimene zimaonetsa nyama ngati chinthu chowala pa kagalasi popanda kuunika kulikonse. Zasintha kasakidwe kwambiri, popeza nkhandwe ilibe njira yodziwira kuti ikuonedwa. Koma fungo la munthu wonyamula chida cha mtengo wapatali ndi lomwelo.

Maso awiri owala mumdima si umboni wa nkhandwe. Nkhosa ili nawo, galu wa mnansi ali nawo, mphaka, mwana wa ng'ombe, gwape wa kumeneko, ndi kanyama kotetezedwa kotchedwa badger, kamene lamulo la 1992 limaletsa kukapha. Zambiri mwa izi zimabweranso zikamva mfuu ya kalulu, ngakhale akadzidzi. Galasi la m'maso kapena la choonera patali cha munthu nalonso limanyezimira. Mu 2004 ku Devon mnyamata wa zaka 13 anafa atawomberedwa ndi munthu wa m'gulu lake lomwe pamene ankasaka nkhandwe ndi nyali. Malangizo a bungwe la alenje la British Association for Shooting and Conservation amanena mosapita m'mbali kuti munthu asawombere maso okha, aone nyama yonse n'kuizindikira. Chachiwiri ndi kudziwa chimene chili kuseri kwake. Mfuti zimene amakonda pa ntchitoyi, monga .223 ndi .22-250, zimaponya chipolopolo chimene chikaphonya chimatha kuuluka kupitirira makilomita awiri. Kuseri kwa nkhandwe kuyenera kukhala nthaka yokwera yoti imeze chipolopolocho. Mpanda wa zitsamba suimitsa chipolopolo, ndipo kuseri kwake kukhoza kukhala msewu kapena nyumba. Ndiye mlenje wosamala amayendera malowo masana, ali ndi chilolezo cha mwini wake, asanabwere usiku.

Yaphunzira

Mawu amene amakopa nkhandwe amasintha ndi nyengo. Ku Britain nkhandwe zimakwerana m'nyengo yozizira, makamaka mu Januwale. Pamenepo usiku umadzaza ndi kuuwa kwa katatu kwa zazimuna ndi kukuwa koopsa, kofala kwa zazikazi, kumene anthu a m'matauni nthawi zina amakuyesa kwa munthu amene akuphedwa. M'masabata amenewo yaimuna ikhoza kudutsa kalulu wolira osacheuka, koma mawu a yaikazi amaikoka kuchokera kutali. Bere limatenga masiku 52 kapena 53, ndipo ana, kawirikawiri anayi kapena asanu, amabadwira kuuna mu Malichi. Makolo akamasakira ana amayankha chilichonse chomveka ngati chakudya.

Apa pali chinthu chimene wolemba za usaki sayenera kuchilambalala. Ku Britain kulibe nyengo yoletsa kupha nkhandwe, ndipo nyengo ya ana a nkhosa, imene mlimi amafunitsitsa kuti nkhandwe zichoke, ndi yomweyonso imene nkhandwe yaikazi ikuyamwitsa. Ikawomberedwa, ana ake amafa ndi njala pang'onopang'ono pansi pa nthaka. Alenje a chikumbumtima amapewa kuwombera m'masabata amenewo pokhapokha pali vuto lenileni, ndipo akawombera yoyamwitsa amafunafuna unawo. Amene amangotola mchira n'kupita kukagona wachita nkhanza, ngakhale lamulo silimufunsa kanthu.

Nthawi yophweka koposa ndi Ogasiti mpaka Okutobala, tirigu atakololedwa, minda ili mbee. Ana a chaka chimenecho akula, ayamba kudzisakira okha, ali ndi njala ndipo sanaonepo nyali. Amabwera kwa aliyense, ngakhale woliza wenzulo moipa. Munthu amene wayamba usaki m'miyezi imeneyi amadziyesa katswiri, mpaka Disembala atamuonetsa zina.

Pofika Disembala zopusa zatha, zotsala zaphunzira. Nkhandwe imene inamva kalulu, n'kuona kuwala, n'kumva kulira kwa mfuti, chipolopolo n'kuiphonya, imalumikiza zitatuzi ndipo siiwala. Mphechepeche mwa njovu sapita kawiri. Yotereyi ikangoona nyali imathawa osacheuka. Ina ikamva wenzulo imakhala pansi patali, poti chipolopolo sichingafike bwino, n'kumayang'ana. Ina imatembenuka n'kulowera kwina, ndiye kuti mawu amene anayenera kuiitana asanduka chenjezo. Alonda a nyama amadana kwambiri ndi munthu wowombera mwamwayi pa mtunda wautali, kapena woyeserera wenzulo wake watsopano pa nkhandwe popanda mfuti, chifukwa amawasiyira nyama imene idzawadyere masabata. Akakumana ndi yotere amasintha bodza. Ngati inaphunzira kalulu amayesa mbewa kapena mbalame. Zikakanika amasiya kuitana, n'kuphunzira njira imene imadutsa ndi nthawi yake, n'kukaidikira phee.

Kodi zimachepa?

Ku Australia funsoli ndi lolemera kuposa ku Britain, chifukwa kumeneko nkhandwe ndi mlendo wowononga. Anaibweretsa ndi atsamunda olakalaka uzimba wa kwawo, ndipo inakhazikika ku Victoria m'ma 1870. Inapeza chakudya chili kale: Thomas Austin anali atamasula akalulu pafamu yake ya Barwon Park mu 1859, ndipo anali ataswana mosaneneka. Nkhandwe inatsata akalulu, ndipo pofika m'ma 1930 inali itafalikira gawo lalikulu la dzikolo kupatula kumpoto kotentha. M'njiramo inkadya tinyama ta kumeneko tolerera ana m'thumba, monga numbat, bilby ndi bettong, timene sitinkadziwa mdani wotere. Boma la Victoria linayamba mu 2011 kulipira madola 10 a ku Australia pa chikopa cha pamutu cha nkhandwe iliyonse, ndipo wenzulo ndi nyali zabweretsa zikopa zambirimbiri. Komabe pamene cholinga chili kupulumutsa nyama zimene zatsala pang'ono kutha, akuluakulu a zachilengedwe sadalira mfuti. Ntchito ya Western Shield, imene inayamba ku Western Australia mu 1996, imamwaza nyambo za poizoni wa 1080 m'dera lalikulu, zina kuchokera pandege. Kwina amamanga mipanda yosalowa nkhandwe. Pa kachilumba ka Middle Island, pafupi ndi Warrnambool, pamene nkhandwe zinatsitsa mbalame za penguin kuchoka pa mazana angapo kufika pochepera khumi mu 2005, chinathandiza ndi agalu olondera nkhosa a mtundu wa Maremma amene anayamba kuwaikako mu 2006.

Ku Britain umboni uli mbali ziwiri. Mu 2001 matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ziweto anaimitsa uzimba wa agalu pafupifupi chaka chonse, ndipo ofufuza a ku Bristol, Philip Baker ndi Stephen Harris pamodzi ndi mnzawo, sanapeze kuti nkhandwe zachuluka. Chifukwa chimene kuzipha sikuzichepetsera n'chodziwika: dera likasowa mwini, yachinyamata yofuna malo imalowamo mosachedwa. Koma kafukufuku wa zaka zisanu ndi zitatu wa ku Otterburn, m'mapiri a Northumberland, amene anayamba mu 2000, anaonetsa kuti pamene alonda ankachepetsa nkhandwe ndi akhwangwala mwakhama, mbalame zoikira mazira pansi monga curlew ndi lapwing zinkalera ana mochuluka pafupifupi katatu kuposa pamene sankatero. Zonse ziwiri n'zoona. Kupha nkhandwe apa ndi apo, Loweruka lililonse limene munthu wapeza mpata, sikusintha kuchuluka kwake. Kuzichepetsa pamalo amodzi, m'miyezi yoti mazira kapena ana a nkhosa ali pangozi, kumagwira ntchito, koma kumafuna kubwereza chaka ndi chaka.

Palinso vuto limene limachokera ku bodza lenilenilo. Wenzulo amasankha zopusa. Nkhandwe imene ikutha ana a nkhosa pafamu ikhoza kukhala imodzi yokha, yachikulire, yodziwa mipanda yonse, ndipo ndi yomweyo imene siyankha. Mlenje akhoza kuonetsa mlimi michira isanu m'mawa, usiku wotsatira mwana wa nkhosa wina n'kusowanso.

Alimi a nkhosa a ku Karoo, ku South Africa, amalidziwa bwino vutoli. Mdani wawo ndi nkhandwe ya msana wakuda, mbale wapafupi wa ya kwathu ija, ndipo amalemba ganyu alenje amene amayenda usiku ndi sipika, nyali yofiira ndi mpando wozungulira womangidwa kumbuyo kwa galimoto. Nkhondo imeneyi, ya misampha, poizoni, agalu ndi mfuti, yatha zaka zoposa zana, ndipo nkhandweyo ikadalipo. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anayerekeza nkhandwe za m'mafamu, zimene zimasakidwa kwambiri, ndi za m'malo otetezedwa. Za m'mafamu zinapezeka kuti zimayamba kubereka zili zazing'ono, ndipo zazing'onozo zimaswa ana ambiri kuposa zinzake za msinkhu womwewo za m'malo otetezedwa.